Kodi two-stroke idzabwereranso ku mipikisano ya njinga zing'onozing'ono?

Rossi46_Petauke
Akuluakulu a pagulu, ndithandizeni maganizo. Ena a ife mipikisano ya njinga zamoto tinaikondera ma 125 ndi ma 250 a two-stroke. Lero ukatsegula SuperSport Lamlungu, kuyambira Moto3 mpaka MotoGP, ndi four-stroke zokhazokha. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi gulu laling'onoli. Paja ndi pamene ana amaphunzirira, ndipo njinga ya mwana imayenera kukhala yopepuka, yosavuta kumasula, yoti bambo wake angathe kuikonza yekha kuseli kwa nyumba. Nanga 125 anaichotseranji? Lilipo tsiku limene two-stroke idzabwerere, kapena tingoiwalako? Amakaniki muli pano musangowerenga n'kudutsa.

KabazaMwami
Iwalani mudala. Zautsi zija zinapita ndi agogo.

DT125_Lundazi
Agogo ake a yani, iwe mwana? Yamaha DT yanga ya two-stroke ikadali pamsewu. Tikayambira limodzi pokwera ku Kanjala, Boxer yako ya four-stroke ija ndikuisiya ukadafunafuna giya.

KabazaMwami
Kundisiya mundisiya amalume, koma ndikupezani pa filling station mukuthira.

AphunzitsiKatete
A Rossi46, tiyale kaye zaka kuti tisakangane za zinthu zosiyana. Two-stroke sinachotsedwe tsiku limodzi, anayambira kumwamba n'kumatsika. Mu 2001 Valentino Rossi anatenga ukatswiri wa 500cc pa Honda NSR500, ndipo umenewo ndiwo unali womaliza wa two-stroke m'gulu lalikulu. Mu 2002 analola ma four-stroke a 990cc kuthamanga limodzi ndi ma 500, ndipo chaka chonsecho palibe 500 imene inapambana mpikisano ngakhale umodzi. Kenako inatsatira 250. Womaliza anali Hiroshi Aoyama pa Honda mu 2009, ndipo mu 2010 kunabwera Moto2, onse pa injini imodzimodzi ya Honda ya 600cc, imene mu 2019 inasinthidwa ndi ya Triumph ya 765cc. Ka 125 ndiko kanakakamira mpaka 2011, pamene Nicolás Terol anatenga chikho pa Aprilia. Mu 2012 kunayamba Moto3, injini ya 250cc ya silinda imodzi, four-stroke, ndipo woyamba kutenga chikho anali Sandro Cortese pa KTM.

Gulu la 125 linalipo kuyambira 1949, chaka chimene mipikisano ya dziko lonse inayamba. Koma tisaganize kuti zaka zonsezo linali la two-stroke. Poyamba ankalamulira ndi ma four-stroke a ku Italy, a Mondial ndi a MV Agusta. Ndiye tinganene kuti four-stroke inangobwerera pamalo pake.

Rossi46_Petauke
Aphunzitsi mwatipatsa zaka, zikomo, koma chifukwa chake simunatiuze.

AphunzitsiKatete
Chifukwa ndasiyira a sipanala. Ine changa ndi choko.

MekanikiDownShops
Ndafika. Ndinali pansi pa njinga ya munthu.

Tiyambe ndi mmene injini ziwirizi zimagwirira, chifukwa yankho lonse lili mmenemo. Four-stroke imaphulitsa kamodzi crank ikazungulira kawiri. Two-stroke imaphulitsa pa kuzungulira kulikonse. N'chifukwa chake pochotsa 125 sanaike four-stroke ya 125 inzake, anachita kuwirikiza kufika 250 kuti mphamvu zifanane. Mu two-stroke mulibe mavalavu, mulibe camshaft, mulibe timing chain. Muli mabowo m'mbali mwa silinda, ndipo pisitoni yomweyo ndi imene imawatsegula ndi kuwatseka ikamakwera ndi kutsika. Pamenepa a Rossi46 akunena zoona: kumasula pamwamba pa DT n'kusintha pisitoni ndi maring'i ndi ntchito yoti umayamba utamwa tiyi, nsima ya masana n'kudya njinga ikulira.

Koma vuto lili pa mabowo omwewo. Pamakhala kamphindi pamene bowo lolowetsa mafuta ndi bowo la ekizozi onse ali otsegula, ndiye petulo wina amangodutsa n'kutuluka wosapsa. Onjezerani oyilo. Two-stroke ilibe sump yosungira oyilo wa injini, oyilo wake amalowa limodzi ndi petulo n'kupsera momwemo. Utsi wabuluu uja ndi umenewo, ndipo ludzu limene KabazaMwami akuseka ndi lomwelo. Maiko a ku Ulaya ndi ku Asia atakhwimitsa malamulo a utsi, makampani anasiya kugulitsa two-stroke zapamsewu. Ku India Yamaha RX100 inali paliponse, koma inasiya kupangidwa mu 1996. Ndiye dzifunseni: kampani ingamwaze ndalama kuthamangitsa injini imene siigulitsanso m'sitolo? Mpikisano uja kwa iwo ndi chionetsero cha malonda. Akufuna munthu aone Honda yapambana Lamlungu, Lolemba akagule Honda ya mtundu womwewo.

DT125_Lundazi
Ndiye si kuti two-stroke inagonja pabwalo. Anaichotsa ndi cholembera mu ofesi.

MekanikiDownShops
Ku 125 ndi 250 inde, anaichotsa ndi lamulo. Ku 500 anaipatsa mdani wa injini yowirikiza kawiri, mwina nakonso tinene kuti ndi cholembera.

WakuJoni_011
Moni akwathu. Ine ndili kuno ku Johannesburg ndipo ndimapitako ku Zwartkops ndi ku Kyalami kukaonerera. Ndikufuna nditsutse pang'ono mawu akuti 125 inali njinga ya amphawi. Zinali choncho pa mipikisano ya m'maiko, pamene munthu ankagula Honda RS125 yake, kuiika pa kabakki, iye ndi mwana wake n'kupita kubwalo. Koma pa Grand Prix zaka zomaliza zija sizinali choncho ayi. Pafupifupi onse akutsogolo anali pa Aprilia kapena Derbi, ndipo mayina awiriwa mwini wake ndi mmodzi, Piaggio. Marc Márquez anapambana 2010 pa Derbi, Terol 2011 pa Aprilia, koma mkati njinga ndi imodzimodzi. Njinga yabwino kwambiri, RSA, sunkagula. Unkachita kubwereka pa mtengo waukulu, chaka chikatha n'kubweza. Timu yopanda ndalama inkapatsidwa yachikale, mwana n'kumathera kumbuyo ngakhale ali ndi luso. Ndiye pamene okonza mipikisano ankati tisinthe, china chimene ankathawa ndi chimenechi, kampani imodzi kugwira gulu lonse pakhosi.

Rossi46_Petauke
Nanga Moto3 yatchipa? Lero si KTM ndi Honda basi? Mayina enawo munkaona pa thanki, GasGas, Husqvarna, CFMoto, mkati inali KTM yomweyo. Kusiyana kwake ndi Aprilia ndi Derbi kuli pati, achimwene?

WakuJoni_011
Apo mwandigwira pabwino, kusiyana n'kochepa. Kungoti ku Moto3 anaika malamulo oti injini ikhale ndi mtengo wosapitirira, ndiponso kuti wokwera aliyense akhale ndi injini zowerengeka pachaka, zomata chidindo kuti timu isamasule. Ndiye wolemera sangagule liwiro mmene ankagulira kale. Koma kutchipa kwenikweni, ayi. Four-stroke yothamanga ikaphulika imawononga zambiri nthawi imodzi, mavalavu, head, pisitoni, zonse.

MekanikiDownShops
Eya. Two-stroke ikagwira, nthawi zambiri ndi pisitoni ndi silinda. Four-stroke valavu ikaduka pa 14,000 rpm, umangotola zidutswa.

MaiWaMchini
Ine za ma rpm sindidziwa, ndili pagulu pano chifukwa mwana wanga ndi wa kabaza ndipo ndimafuna kumva zimene mumauzana. Koma utsi ndimaudziwa. Woyandikana nane ali ndi kajenereta kaja kosakaniza oyilo ndi petulo, magetsi akathima amakayatsa pafupi ndi windo langa. Mdzukulu wanga wa chifuwa usiku umenewo sagona. Ndiye inu mukamati fungo la 2T, oyilo wa two-stroke uja, limakukumbutsani unyamata, ena limatikumbutsa mzere wa kuchipatala. Ngati azungu anazichotsa chifukwa cha utsi, anachita bwino.

DT125_Lundazi
Amayi, pepani za mdzukulu. Koma kajenereta kofuka choncho nthawi zambiri mwini wake wachulutsa oyilo, kapena akuthira oyilo wa galimoto.

MlimiWaThonje_Chadiza
Pamenepo mwakhudza nkhani. Kuno kumudzi anyamata a makina ocheka matabwa amathira oyilo wakuda wochotsa mu injini ya chigayo, amati ndi oyilo basi. Mwezi sutha makina agwira. Ndiye amati makina a masiku ano ndi osalimba.

Ine two-stroke ndinaidziwira kwa alangizi a zaulimi. Kale mlangizi akamabwera tinkamumvera kutali, Yamaha AG100 ikulira ngati njuchi zolusa kutsidya kwa dambo, amayi n'kuyamba kuyala mphasa iye asanaoneke. Njinga zija zinkadutsa m'matope a Febuluwale pomwe galimoto siyerekeza, ndipo ikatitimira anthu awiri ankainyamula. Atabweretsa AG200 ya four-stroke, mphamvu inalipo koma kulemera.

KabazaMwami
Manje a Mekaniki tiuzeni, muyezo weniweni wa 2T ni bwanji? Aliyense ku rank amakamba zake.

MekanikiDownShops
Zimatengera makina, werengani kabuku kake kapena pa chivindikiro cha thanki. Ambiri a makina ochekera ndi odulira udzu amati 50:1, kutanthauza 20 ml ya oyilo pa lita imodzi ya petulo, 100 ml pa malita asanu. Ena akale amafuna 25:1, ndiye mumawirikiza. DT ndi AG100 zili ndi pampu yake, Yamaha amaitcha Autolube, oyilo mumathira m'kathanki kake ndipo pampu imayeza yokha. Chimene ndimaona kugalaja n'chakuti pampu ikavuta anthu amangoidula n'kuyamba kusakaniza m'thanki ndi diso, lero kachivindikiro kamodzi, mawa atatu. Ndipo musaganize kuti kuchulutsa oyilo ndi chitetezo. Pulagi imada, ekizozi imatsekeka ndi mwaye, njinga n'kufooka.

Za 2T woyezera m'timabotolo ta m'mbali mwa msewu, wopanda chizindikiro, ine ndinaleka kukangana ndi anthu. Ndimangowasonyeza pisitoni zimene ndinasunga m'katoni.

WakuKopala
Inu akum'mawa mwayamba liti kudziwa za mainjini? Ndimayesa liwiro lanu limathera pothamangitsa mbewa.

MlimiWaThonje_Chadiza
Ambuya afika. Anyani atha kodi kwanuko kuti mupeze nthawi yolemba?

WakuKopala
Akadalipo, ndakusungirani mwendo. Koma kunena zoona, bwerani kuno kapena ku Lusaka tsiku la motocross mudzaone. Ana aang'ono onse ali pa two-stroke, 50, 65, 85, mpaka 125. Mukulira maliro a munthu amene ali moyo.

Admin_Kummawa
Chimbuya chikhale pang'ono, tibwerere ku funso. A Rossi46 anafunsa za mipikisano ya pa tala, ndipo anafunsa za kutsogolo, osati zakale zokha. Ndipo chonde nkhani ya oyilo ili ndi malo ake, fufuzani m'mwambamu tinakambirana kale.

AphunzitsiKatete
A WakuKopala akhudza mfundo yofunika ngakhale abwera ndi mwano. Two-stroke sinafe, inangochoka pa tala wa Grand Prix. Yamaha akupangabe YZ125 ndi YZ250. KTM, Husqvarna, Beta ndi ena akugulitsabe za m'tchire. Ku Ulaya kuli gulu la achinyamata la motocross, EMX125, la two-stroke zokhazokha. Timagalimoto ta kart, kumene madalaivala a Formula 1 amayambira, nato n'ta two-stroke ya 125. Mukaona bwino, yatsala malo amene njinga siyenda pamsewu wa boma, choncho malamulo a utsi saikhudza kwambiri, ndiponso kumene mwini njinga ndiye amalipira yekha zokonzetsa.

WakuJoni_011
Ndiwonjezere pa za kutsogolo. Vuto la petulo wodutsa wosapsa lija lili ndi mankhwala, ndiwo injection. KTM anatulutsa TPI pa njinga zawo za enduro za 2018, 250 ndi 300. Kabyuleta palibe, mafuta amapoperedwa m'mabowo olowera ku silinda panthawi yake, oyilo amayezedwa ndi pampu ya magetsi. Utsi unachepa, kumwa kunachepa, ndipo palibenso zosintha majeti a kabyuleta ukakwera phiri. Ndiye mwaukadaulo palibe choletsa kupanga 125 yothamanga pa tala yaukhondo. Choletsa n'chakuti palibe kampani yaikulu imene ikuifuna.

MekanikiDownShops
Koma onani mbali inayo, achimwene. Mukaika injection, masensa, kompyuta ndi pampu ya magetsi, kuphweka kuja a Rossi46 akulirira kwapita. Njinga yoteroyo ikabwera pa Down Shops ine ndi sipanala yanga tingoiyang'ana, ifuna laputopu. Ndiye mudzakhala mwabweza kulira kwa injini kokha, koma bambo wokonza kuseli kwa nyumba uja simunamubweze.

Rossi46_Petauke
Ngakhale kulira kokhako ndilandira.

Koma pali china chimene simunakhudze nonse, ndicho sukulu. 125 inkaphunzitsa mwana kukwera. Mphamvu yake ili pa kadera kakang'ono ka ma rev, ukatsika pansi pake njinga imangoti fwaa, yafa, anzako akudutsa. Ukatseka throttle injini siikugwira kuti ichepetse liwiro, ndiye pakona umadalira mabuleki ndi kulimba mtima kuti ulowe ndi liwiro n'kutuluka nalo. Mwana amaphunziranso kumva injini, kuuza makaniki kuti jeti iyi yachepa, chifukwa kukazizira kapena kukatentha kasakanizidwe kamasintha, ndipo ukalakwitsa pisitoni imagwira uli pa liwiro. Okwera akale ankayenda chala chili pa kilachi nthawi zonse podikira zimenezo. Rossi anapambana 125 mu 1997, 250 mu 1999. Pedrosa, Lorenzo, Stoner, Dovizioso, Márquez, onse anadzera mmenemo. Mbadwo ngati umene uja udzaonekanso?

Binder33_Sinda
Amalume, ulemu wanu, koma apa mukukamba ndi mtima. Joan Mir anapambana Moto3 mu 2017, MotoGP mu 2020. Jorge Martín Moto3 mu 2018, MotoGP mu 2024. Bagnaia anadzera Moto3. Pedro Acosta anatenga Moto3 chaka chake choyamba, 2021. Amenewa sadziwa kukwera? Ndipo ngati mwana akupita ku Moto2 ndi MotoGP zomwe ndi four-stroke, si bwino aphunzire pa four-stroke kuyambira pansi? Wathu wa kuno kumwera Brad Binder anatenga Moto3 mu 2016 pa KTM. Ku Jerez chaka chimenecho anamuyambitsa kumbuyo kwenikweni, n'kudutsa onse mpaka kupambana. Pitani mukaonere pa YouTube mudzandiuze ngati four-stroke imabisa luso.

DT125_Lundazi
Ndipo Binder wakoyo anakulira pa chiyani? Ku Red Bull Rookies Cup, mpikisano wa achinyamata uja, nthawi yake ankakwera KTM ya 125 two-stroke. Four-stroke kumeneko inalowa mu 2013 iye atachoka kale. Ndiye mboni yako ndi yathu.

Binder33_Sinda
Acosta ndi Martín Rookies anaipambana pa four-stroke. Mboni ziwiri kwa imodzi.

AphunzitsiKatete
Popeza mwatchula a kumwera kuno, achinyamata adziwe kuti Binder si woyamba. Kork Ballington wa ku South Africa anatenga zikho za 250 ndi 350 zonse ziwiri mu 1978, n'kubwerezanso mu 1979, pa Kawasaki ya two-stroke. Mu 1980 Jon Ekerold, nayenso wa komweko, anatenga 350 ndi injini ya Yamaha TZ, wopanda kampani kumbuyo kwake, akudzilipirira yekha. Nkhani ya Ekerold ndiyo ikugwirizana ndi a Rossi46, chifukwa nthawi imeneyo TZ inkagulitsidwa kwa aliyense ndipo munthu wamba ankatha kugonjetsa timu ya fakitale. Koma tikabwerera m'mbuyo pang'ono, Jim Redman wa ku Rhodesia zikho zake zisanu ndi chimodzi anazitenga pa Honda za four-stroke. Choncho mbali zonse zili ndi akwathu.

Ndipo cholembera chimene a DT akudandaula nacho chinathandizaponso two-stroke. M'ma 1960 Honda ankalimbana ndi two-stroke pochulutsa masilinda, mpaka anapanga 125 ya masilinda asanu imene Luigi Taveri anapambanira mu 1966. Kenako FIM, bungwe loyang'anira mipikisano ya njinga padziko lonse, inaika malire a masilinda ndi magiya m'magulu ang'onoang'ono, four-stroke n'kusowa pogwira. Honda atabwerera mu 1979 ndi NR500 ya mapisitoni osakhala ozungulira analephera, mpaka anagonja n'kupanga two-stroke, Freddie Spencer n'kupambana nayo mu 1983. Lamulo linaikweza, lamulo linaitsitsa.

KabazaMwami
Aphunzitsi mukatiyesa mayeso pa izi tonse tifeluka.

MekanikiDownShops
Pali dzina limodzi aphunzitsi alisiya ndipo kwa ife amakaniki ndilo lalikulu: Walter Kaaden wa kampani ya MZ ku East Germany. Ekizozi ya mimba ija mumaona pa DT, yotupa pakati n'kuning'a kumapeto, si yokongoletsa. Utsi ukatuluka, mbali yotambasuka imathandiza kukoka mafuta atsopano kulowa m'silinda, ndipo mbali yoning'ayo imabweza mphepo imene imakankhira petulo wothawa uja m'silinda bowo lisanatsekeke. Zimagwira pa ma rev ena okha, ndipo ndi pamene njinga imachita ngati yalumidwa n'kunyamuka. Kaaden ndiye anaikonza nzeru imeneyi mpaka kuopseza makampani akuluakulu. Wokwera wake Ernst Degner anathawa m'dzikomo mu 1961 n'kupita ku Suzuki, ndipo mu 1962 Suzuki inatenga chikho cha 50cc ndi Degner yemweyo.

Ndikunena izi chifukwa anyamata amabwera kuti ndiwadulire ekizozi ya DT ndiwotcherere paipi yowongoka kuti izilira kwambiri. Ikulira inde, koma mphamvu mwaitaya.

DT125_Lundazi
Auzeni. Ndipo amene amachita zimenezo ndi omwe amatinyozetsa kwa amayi a ku Mchini.

MaiWaMchini
Ondinyansa kwambiri si a utsi okha. Ndi aja amaonera mipikisano yanuyi pa TV kenako madzulo n'kumakayeserera pa msewu wa ku Mfuwe, opanda chisoti, patapata kuphazi, wina atanyamula mayi ndi mwana kumbuyo. Azungu anuwo akagwa amatsetsereka pa mchenga atavala zikopa, ambulansi ili pompo. Wathu akagwa amakumana ndi ngolo ya ng'ombe. Ndakhalapo pa benchi ya chipatala usiku kudikira mwana wa mchemwali wanga, sindifuna kubwererako. Muzikamba ndithu za ma 125 anuwo, koma muziwauzanso anawa kuti Great East si bwalo.

KabazaMwami
Amayi mwakamba zoona. Ife ku rank wothamanga timamudziwa, ndipo makasitomala amamukana okha.

Admin_Kummawa
Mawu a amayi akhale pamwamba. Aliyense woika kanema wa mpikisano wa pamsewu wa anthu pagulu pano ndimuchotsa, tinagwirizana kale.

WakuJoni_011
Ndipo apa ndi pamene nkhani yathu imafika pouma. Tikukangana za injini ya gulu laling'ono pomwe kwathu kum'mawa kulibe bwalo la tala loti mwana angayeserepo njinga ya mtundu uliwonse. Anzathu a ku Zimbabwe ali ndi Donnybrook ku Harare ndi lina ku Bulawayo. Kuno ku South Africa ana amayambira pa mabwalo a kart ndi tinjinga tating'ono, ambiri pa four-stroke za 100 ndi 150 chifukwa injini zake zimapirira chaka chonse osatsegula. Binder naye anayambira pa kart. Grand Prix yeniyeni inafikako ku Welkom komaliza mu 2004, tsiku lija Rossi anapambana mpikisano wake woyamba pa Yamaha, ndipo kuchokera pamenepo Africa yense sinaionenso. Tsiku limenelo ma 125 ndi ma 250 analipo, ndiye amene anapita anamva kulira kumene a Rossi46 akukusowa.

Ngati wina ku Chipata angafune kuyambitsa kanthu, ine ndingati asayambe ndi kufunsa kuti two-stroke kapena four-stroke. Ayambe ndi malo otchingidwa, zisoti, ndi chilolezo cha a ZMSA, oyang'anira mipikisano ya magalimoto ndi njinga ku Zambia. Ndipo njinga yake idzakhala imene masipeya ake ali pa Kapata, kutanthauza Boxer ndi TVS. Gulu la njinga zofanana, injini osaikhudza, kuti apambane ndi wokwera.

DT125_Lundazi
Mpikisano wa ma Boxer? Tidzagona m'mipando.

Binder33_Sinda
Simudzagona amalume. Njinga zikafanana ndi pamene zimadutsa khumi pamodzi pakona. Moto3 imakoma chifukwa cha chimenecho.

MlimiWaThonje_Chadiza
Malo ndiye alipo, tikakolola minda imangokhala. Koma limenelo likhala la fumbi, osati tala. Ndipo pa fumbi a DT atipha tonse.

WakuKopala
Mwaona? Mwazungulira mwafika pa motocross yanga yomwe ija. Bwerani ndi mbewa zouma, polowera ndikulipirirani.

Rossi46_Petauke
Ndamva zonse, koma sindinagonje. Akuti MotoGP ikupita ku mafuta osachokera pansi. Ngati mafuta ali aukhondo ndipo injection ilipo, chifukwa cha utsi chija chatha mphamvu. Injini yopepuka, ya ziwalo zochepa, bwanji osaiyesanso pa gulu la ana?

AphunzitsiKatete
Chifukwa amene angaipange ndi amene sakuifuna. Alipo ang'onoang'ono amene ayesa. Suter wa ku Switzerland anapanga MMX 500, two-stroke ya masilinda anayi, ndipo Ian Lougher anaikwera ku Isle of Man TT mu 2016. Anthu anaimirira kuimvera, koma ndi njinga zowerengeka za anthu olemera. Kumene ma 125 ndi ma 250 akale akuthamangabe pa tala ndi ku mipikisano ya njinga zakale ndi ya makalabu, ku Britain ndi ku Ireland makamaka, ndipo kumeneko nkhondo yawo ndi kupeza mapisitoni ndi ma crank. Ine ndikuona kuti ikhala kumeneko. Achinyamata a mawa akadzasiya four-stroke, ndikukayika kuti adzabwerera m'mbuyo. Njinga za magetsi anaziyesa kale pa MotoE kuyambira 2019.

KabazaMwami
Za magetsi kuno? Mpikisano uzayamba malaiti akabwera.

MekanikiDownShops
Ine maganizo anga ndi awa. Ku Grand Prix siibwerera, ndipo ikadzabwerera idzakhala ya kompyuta, yosiyana ndi imene tikuikumbuka. Koma pa benchi yanga siichoka msanga. Makina ochekera, odulira udzu, opopera mankhwala a kumsana, ma DT a kumidzi, injini za maboti kwa anzathu a kunyanja, zonsezi ndi two-stroke ndipo zikubwerabe. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi anyamata amene ndikuphunzitsa. Amadziwa kutchera mavalavu a Boxer ali m'tulo, koma ukawapatsa pulagi ya DT kuti awerenge mtundu wake anene ngati mafuta achuluka kapena achepa, amangokuyang'ana.

DT125_Lundazi
Pomwe muli pompo a Mekaniki, yanga yayamba kulira ngati muli kamwala ikazizira, ikatentha imasiya. Pisitoni ili pa oversize yachiwiri. Yachitatu ipezeka ku Chipata kapena ndituma wa ku Lilongwe?

MekanikiDownShops
Musagule kanthu ndisanayeze. Ikhoza kukhala small end chabe. Bweretsani silinda ndi pisitoni Loweruka m'mawa, ndipo pini yake musaiiwale monga anachitira ena.

KabazaMwami
Amalume ngati yakana kulira nizabwera kukutengani pa Boxer. Mtengo wa ku Lundazi tikambirana ku inbox.